A Dombek ndi Laputopu ya Chaka Chatha

A Vernon Dombek anagulitsa magalimoto kwa zaka makumi atatu ndi zinayi mu mzinda wa Toledo, ndipo tsiku limene anapuma pa ntchito anatulukako ndi zinthu ziwiri: bondo lakumanzere lodana ndi masitepe, ndi mtima wosakhulupirira munthu aliyense womwetulira ataima kuseri kwa kauntala.

Wakuba sanali, ayi. Iwo eni ankatero, ndipo anthu a kutchalitchi kwawo amene anagulako galimoto kwa iwo ankavomereza, ena ndi pakamwa, ena ndi mutu wokha. Koma njira za malonda ankazidziwa ngati mmene lilime limadziwira mano. Ankadziwa kuti wogulitsa akati, "Dikirani ndikalankhule ndi abwana," nthawi zambiri amangokaima kuseri n'kumwa khofi. Ankadziwa kuti galimoto "yotsala imodzi yokha" imakhala ndi abale ake asanu ndi awiri kuseri kwa mpanda. Koposa zonse ankaudziwa mwezi wa Seputembala, pamene magalimoto a chaka chatsopano ankafika pa malole: nyali zosinthidwa pang'ono, mphuno yopindidwa mwina, injini yomwe ija, mtengo wokwera. Akale aja, amene dzulo lake ankatamandidwa, ankasanduka mtolo woti autule msanga pamutu pa aliyense wolowa pageti.

Kukayikirako kunalinso kwa m'magazi. Bambo awo, amene anathera moyo wawo ku fakitale ya magalasi, ankati akagula mazira m'sitolo amatsegula katoni n'kumagwedeza dzira limodzilimodzi pafupi ndi khutu, mzere wa anthu ukudikira kumbuyo. A Vernon ali mwana ankachita nazo manyazi. Pofika zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, anali atayamba kuchita zomwezo.

Akazi awo, mayi Arlene, anali munthu wa mtundu wina. M'chipinda cha kumbuyo, momwe kale munkagona mwana wawo Renee, anali ndi makina opeta mayina ndi maluwa pa nsalu, amene anagula zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Ankapeta mayina pa malaya a amakaniko, pa mabulangete a ana obadwa kumene, pa timataulo ta ubatizo. Makinawo sankaganiza okha. Zilembo zonse ankazikonza pa laputopu yakale yakuda, yonenepa ngati Baibulo la pa guwa, n'kuzitumiza ku makina kudzera pa chingwe chotuwa.

Lachiwiri lina mu Okutobala, laputopuyo inalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, inanunkha pulasitiki wopserera, basi n'kuzima. Mayi Arlene anali ndi maepuloni makumi awiri ndi awiri a amayi ophika pa chakudya cha pachaka cha kutchalitchi, chimene chinali Loweruka la sabata yamawa. Anali atamaliza asanu okha.

"Vern, yafa," anatero ataima pakhomo la pabalaza, chingwe chili m'manja.

"Yafa kapena aipha?" anafunsa a Dombek osatsitsa nyuzipepala. "Zinthu izi amaziika wotchi m'mimba. Ikakwana nthawi yoti akufuna ndalama zako, thi!"

"Yakhala zaka khumi ndi ziwiri. Inuyo mano anu oikirira aja sanafike zaka khumi. Mawa mukandigulire ina."

"Mawa ndikayang'ana. Kugula ndi nkhani ina."

M'mawa uliwonse a Dombek ankamwa khofi ndi mnzawo wa kuyambira kusukulu, a Lyle Hutchins, amene anapuma pa ntchito yogawa makalata. Ankakhala pa tebulo la pakona m'kanyumba kogulitsa madonasi, ndipo a Lyle ndiwo ankabweretsa nkhani za m'tauni.

"Uli ndi mwayi iwe," anatero a Lyle Lachitatulo. "Atulutsa malaputopu atsopano sabata ino yomwe. Pa wailesi yakanema sakupumira. Akuti opepuka ngati mbale, batire lake tsiku lonse, ndipo ali ndi nzeru zoti amakulembera kalata iwe uli gone."

A Dombek anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Sabata ino?"

"Lolemba."

"Lolemba atulutsa atsopano, Lachiwiri ya Arlene yafa. Ndipo iwe ukuti mwayi."

"Aa, Vern! Ukuganiza kuti anatuma munthu kudzalowa pawindo?"

"Sindikuganiza kanthu. Ndikungowerenga masiku."

Kusitolo sanapite chipitepite. Anavula wotchi yagolide imene anawapatsa popuma ntchito, anavala jekete lakale lotchetchera kapinga, ndi nsapato zodyeka chidendene. Galimoto anakaiimika kutali, pafupi ndi sitolo ya zakudya za agalu, chifukwa iwo m'masiku awo ankayamba kuona galimoto ya munthu pawindo asanaone nkhope yake. Bondo linadandaula ulendo wonse wodutsa pabwalopo, koma analiuza kuti lipirire.

Sitolo ya zamagetsiyo inali yaikulu ngati bwalo la mpira, yowala mopweteka maso. Malaputopu atsopano anawandandalika pa tebulo loyera pakatikati, lililonse ndi kanyali kake, pamwamba pali chinsalu cholembedwa kuti AFIKA. A Dombek anazungulira tebulolo manja ali kumbuyo, ngati munthu woyendera maliro a munthu amene sankagwirizana naye. Ananyamula imodzi. Inalidi yopepuka. Chikomekome cha mkuyu, anatero mumtima, m'kati muli nyerere.

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndikuthandizeni?"

Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu, wamfupi, magalasi atalendewera pa kachingwe pakhosi, nsapato zake zija amavala anamwino. Pa chifuwa panali kabaji kolembedwa kuti Yolanda.

"Ndikungoyang'ana," anatero a Dombek.

"Chabwino. Ndili apo pa mapulinta, mukandifuna." Ndipo anachokadi.

Zimenezi zinawasokoneza. Wogulitsa wosakakamira ndiye woopsa. Amakusiya kuti udzikole wekha. Anaima mphindi khumi akumuyang'ana m'mbali mwa diso, kudikira kuti abwerere. Mayiyo ankangosanja makatoni a inki. Pamapeto pake anali a Dombek amene anakweza dzanja.

"Ndi yogwiritsa ntchito yanji?" anafunsa Yolanda atafika.

"Zimenezo zili ndi kanthu?"

"Munthu akafuna nsapato timafunsa phazi."

A Dombek anaganiza kaye. Lamulo loyamba la wogula ndi kusaulula chimene chakupana. Koma maepuloni khumi ndi asanu ndi awiri anali kudikira kunyumba, ndiye anaulula pang'ono chabe, ngati munthu wotsegulira mlendo chitseko tcheni chili chikokere. Akazi awo ali ndi makina opetera nsalu. Amafuna kompyuta yowatumizira zilembo. Palibe changu chilichonse.

"Makinawo ndi a liti?"

"Zaka khumi ndi ziwiri. Koma ali bwinobwino, sitikugula ena."

"Pulogalamu yake ndi yomwe anabwera nayo?"

"Ili pa kafulashi. Mwana wathu anatisungira."

Yolanda anavala magalasi. "Ndiye izi zisiyeni," anatero akuloza tebulo loyera lija. "Bwerani kuno."

Anawatsogolera ku shelefu ya kumapeto, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, komwe kunalibe tinyali. Kumeneko kunali laputopu yotuwa, yokhuthalako, fumbi pang'ono pa chivundikiro.

"Iyi ndi ya chaka chatha. Zatsopano zija asintha ubongo wake wam'kati, ndi mtundu wina. Pa makalata, pa zithunzi, pa kanema, ndi zabwino zedi. Koma mapulogalamu akale oyendetsa makina ngati anuwo, ambiri akukana. Sabata ino yokha abweza awiri, wina wa makina odulira zomata, wina wa sikelo. Iyi ili ndi ubongo wa mtundu wakale, ndipo bowo la chingwe chanu lilipo, ili apa. Aitsitsanso ndi madola mazana atatu."

"Zatsala zingati?" anafunsa a Dombek mofatsa kwambiri.

"Zinayi."

A Dombek anamwetulira koyamba chilowereni m'sitolomo. Kunali kumwetulira kwa munthu amene wakumana ndi wakwawo kudziko lachilendo.

"Zinayi," anabwereza. "Ndipo zatsopano zili ndi vuto."

"Sindinati zili ndi vuto. Ndati sizigwirizana ndi makina anu."

"Mayi, amakupatsani zingati mukatulutsa imodzi mwa zakalezi?"

"Amandilipira pa ola, bambo."

"Pa ola, inde. Nanga kangachepe ka pamwezi shelefu ikayera?"

Yolanda anavula magalasi aja n'kuwasiya agwere pachifuwa. "Iyere isayere, ine ndimaweruka sikisi koloko, mapazi akuwawa chimodzimodzi. Mwafunsa, ndakuuzani. Ndalama ndi zanu."

"Wakuphunzitsani anakuphunzitsani bwino," anatero a Dombek, ndipo ankanena zoona, anali atamusirira. Anatuluka osagula kanthu.

Kunyumba anangonena kuti akufufuzabe. Mayi Arlene anaika mbale ya supu patsogolo pawo mwamphamvu moti ina inatayikira pa nsalu ya patebulo, ndipo sanaipukute.

M'mawa mwake anawafotokozera a Lyle zonse, mawu ndi mawu, mpaka fumbi la pa chivundikiro.

"Ndiye wakuuza kuti ugule yotchipa," anatero a Lyle akunyambita shuga ku chala, "iwe n'kukwiya."

"Sukumvetsa. Katundu wakale ndi mtembo m'nyumba. Tsiku lililonse akununkhirabe. Bwana amaitana anyamata ake m'mawa, amati amene atulutse zimenezi ndimuona bwino."

"Nanga ngati mayiyo akungonena zoona?"

A Dombek anayang'ana pawindo. Kunja mphepo inali kuthamangitsa masamba ofiira pa msewu.

"Ukuwakumbuka a Novotny, aphunzitsi a masamu aja?"

"Ankatikoka makutu aja? Ndingawaiwale?"

"Chaka china tinatsala ndi magalimoto asanu a bulawuni, mtundu woti ngakhale wakhungu ankaukana. Atsopano anali atafika. Bwana anati aliyense wotulutsa ya bulawuni alandira envelopu ya ndalama. A Novotny anabwera ndi akazi awo, mtima uli pa yatsopano, yobiriwira. Ine ndinawakokera pambali, ndinatsitsa mawu. Ndinati aphunzitsi, inu munandiphunzitsa, sindingakunamizeni. Zatsopanozi zili ndi kavuto ku magiya, awiri abweza kale. Tengani ya chaka chatha."

"Inali ndi vuto?"

"Inalibe. Panalibe amene anabweza." Anatembenuza kapu yawo pa tebulo. "Ya bulawuniyo inawatumikira bwino, zaka zisanu ndi zinayi, sindinawaphe. Koma akazi awo ankaifuna yobiriwira ija. Ankati akandiona kutchalitchi amandigwira dzanja, kuthokoza kuti ndinawapulumutsa. Mpaka anamwalira akuthokozabe." Anakweza maso. "Awiri abweza kale. Mawu omwewo, Lyle. Ngakhale nambala sanasinthe. Ndiye iwe undiuze kuti ndikhulupirire?"

A Lyle anati, "Iwe vuto lako umaganiza kuti dziko lonse linagwirapo ntchito kwa bwana wako uja."

Masana omwewo a Dombek anabwerera kusitolo, ulendo uno atavala wotchi yawo. Anapita molunjika pa tebulo loyera, anagogoda ndi chala pa laputopu yasiliva, n'kuitana Yolanda.

"Iyi."

Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana laputopuyo. "Ya makina opetera aja?"

"Yomweyo."

"Chabwino. Ndiye mufunika kachipangizo kolumikizira, chifukwa chingwe chanu sichilowa m'timabowo iti. Koma ngakhale chilowe, sindikukhulupirira kuti zilankhulana."

"Kachipangizo," anatero a Dombek akuseka. "Ife tinkati makapeti a pansi. Munthu wasaina kale, ndiye umamuwonjezera makapeti. Ayi, zikomo."

Pa kauntala Yolanda anatenga cholembera n'kuzunguliza mzere wina pa lisiti. "Muli ndi masiku khumi ndi asanu obwezera. Katoni musataye, ngakhale timapulasitiki ta m'katimo."

A Dombek anapinda lisitilo kanayi, akudzifunsa kuti msampha wa mawu amenewa uli pati. Sanaupeze, ndipo zimenezo zinawadetsa nkhawa kuposa akanaupeza.

Mayi Arlene ataiona anaomba m'manja. Anaisisita ngati mwana wa mphaka. Inayaka m'kuphethira kwa diso, zithunzi zake zowala ngati zenera lotsukidwa. Kenako anatenga chingwe chotuwa chija, anayesa mbali iyi, anayesa mbali inayo, anaitembenuza chagada.

"Vern, chilowa pati?"

A Dombek anavala jekete, anayendetsa galimoto mpaka kusitolo ina ya kutsidya kwa mtsinje, komwe sankadziwika, n'kukagula kachipangizo kaja. Chingwe chinalowa. Anaika kafulashi, anatsegula pulogalamu. Laputopu inaganiza pang'ono, kenako inatulutsa kabokosi ka mawu aulemu kwambiri, konena kuti pulogalamu imeneyi singagwire ntchito pa kompyuta imeneyi.

Lachisanu lonse linathera pamenepo. A Dombek anati vuto ndi kachipangizo, anakasintha. Anati vuto ndi chingwe, anachipukuta ndi mankhwala otsukira mabala. Anati vuto ndi magetsi a chipinda chimenecho, anasamutsira zonse kukhitchini. Anazimitsa n'kuyatsa kakhumi. Kabokosi kaja kankabwerabe, ndi ulemu womwe uja. Makina opetera anangokhala duu, singano ili m'mwamba, epuloni ya mayi Wozniak, mmodzi wa amayi ophika aja, itapanidwa pansi pake yopanda chilembo n'chimodzi chomwe.

Loweruka m'mawa mayi Arlene anaimbira Renee, amene amakhala ku Columbus ndipo amagwira ntchito ya makompyuta pachipatala china. Anaika foni pa tebulo kuti onse azimva. Renee anawayendetsa ola lathunthu, dinani apa, werengani apo, mpaka anapumira m'mwamba.

"Adadi, sizitheka. Mwagula ya mtundu watsopano uja. Pulogalamu ya amayi ndi yakale, ndipo kampani yake inasiya kuikonza. Mukanagula ya chaka chatha bwenzi pano akupeta. Kodi kusitoloko panalibe amene anakufunsani kuti ndi ya ntchito yanji?"

M'khitchinimo munangomveka firiji.

"Adadi? Mukundimva?"

"Tikukumva, mwanangu," anatero mayi Arlene, maso ali pa amuna awo. "Tikuimbiranso." Anadula foni. "Vernon."

Dzina lonse lathunthu ankalitchula kawiri kapena katatu pa chaka.

"Panali mayi wina," anatero a Dombek. "Ananenako zinazake."

"Ananena chiyani?"

"Zimene amanena onse akafuna kukutula katundu wakale."

"Anakuuzani kuti iyi sigwira?"

"Anati mwina."

"Ndipo yakaleyo inali yodula?"

A Dombek anakanda bondo lawo. "Yotsikirako. Ndi madola mazana atatu."

Mayi Arlene anaimirira, anachotsa epuloni ija pa makina, anaipinda bwinobwino. Polankhula sanakweze mawu. "Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuonererani mukununkhiza chenje cha m'sitolo, mukuwerengera mapiritsi a dokotala, mukutsatira wokonza denga pa makwerero ndi bondo lanulo. Ndinkati ndi mmene alili, amatiteteza. Lero munthu wakupatsani chilungamo m'manja, chaulere, inu mwalipira madola mazana atatu kuti musachilandire. Lolemba mupita. Ndipo ndipita nanu."

Lamlungu kutchalitchi mayi Wozniak, amene ankatsogolera amayi ophika, anafunsa za maepuloni. Mayi Arlene anayankha kuti akuyenda bwino, ndipo a Dombek anawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Lolemba analowa m'sitolo katoni ili kukhwapa, timapulasitiki tonse tili m'kati. A Dombek anali atakonzeka. Ankadziwa zimene zikubwera: choyamba nkhope ya "ndinakuuzani", kenako ndalama yodula pobweza katundu wotsegula, yolembedwa m'timalemba ta nyerere kuseri kwa lisiti. Anali atawerenga kuseriko katatu ndi galasi lokulitsa osaipeza, koma zimenezo zinangotanthauza kuti anaibisa bwino.

Yolanda anawaona akubwera. Anayang'ana katoniyo, anayang'ana mayi Arlene.

"Ndinu a makina opetera? Pepani, mayi. Ntchito yaima masiku angati?"

"Sikisi, mwana wa amayi. Ndipo Loweruka ndi tsiku."

Ndalama zinabwezedwa zonse, osadula ngakhale senti. A Dombek anayang'anitsitsa kapepalako kufuna pamene awabaya, osapapeza.

"Ndiye tipatseni ya chaka chatha ija," anatero, maso ali kumbali.

"Zinatha Loweruka."

Apo! Mtima wa a Dombek unadumpha, mwina ndi mantha, mwina ndi chimwemwe. Tsopano anena kuti dikirani ndikaone kuseri, akamwa khofi, abwera ndi imodzi "yomwe inabisala", mtengo utakwera.

"Dikirani ndiimbe kunthambi zathu zina," anatero Yolanda, n'kulowa pa kachitseko ka ogwira ntchito.

A Dombek anapereka chipewa kwa akazi awo. Anayenda motsimphina mpaka pa shelefu ya kumapeto ija: inalidi mbee, patangotsala malo anayi opanda fumbi. Anapitirira mpaka pa kachitseko, kamene kanali ndi kagalasi kakang'ono, n'kusuzumira. Yolanda anali ataima, nsapato imodzi atavula, phazi akulipondetsa pa linzake, foni ili pakhutu, akulemba pa chikhatho. Anadula, anaimbanso kwina. Anadulanso, anaimba kachitatu. Khofi panalibe. Atatembenuka maso awo anakumana pa kagalasiko, ndipo a Dombek anayamba kuwerenga mwachidwi chikwangwani cha zozimira moto.

"Kunthambi yathu ya ku Findlay kuli imodzi," anatero atatuluka. "Ndi ya pachionetsero, yomwe anthu akhala akuigwiragwira, koma ndi yamoyo, ndipo akuchotserani kena. Ndawauza akusungireni mpaka faifi koloko. Mukafunse Dennis."

"Ya pachionetsero," anatero a Dombek. "Ndiye kuti yakhala chiyakire chaka chathunthu, ana akuipaka chokoleti."

"Vernon."

"Sindikukana. Ndikungoti ulendo uno sindilipira ndisanaone ndi maso anga."

Ndipo apa, kamodzi m'nkhani yonseyi, kukayikira kwawo kunagwira ntchito. Anadutsira kunyumba, ananyamula makina opetera aja awiriwiri, akubuula, n'kuwakhazika pa mpando wakumbuyo, kuwamanga lamba ngati mwana. Anatenga chingwe, kafulashi, ulusi wofiira ndi epuloni ya mayi Wozniak. Ulendo wa ku Findlay ndi pafupifupi ola, msewu wowongoka pakati pa minda ya chimanga chouma chimene makina anali kukolola. Pafupi ndi tauni ya Bowling Green mayi Arlene anasenda nthochi n'kuwapatsa theka, ndipo a Dombek anadziwa kuti mlandu wayamba kuphwa.

Dennis anali bambo wamtali wadazi, amene anatsegula pakamwa ataona nkhalamba ziwiri zikukankha makina osokera pa ngolo ya sitolo.

"Bwana, kuno sitikonza makina."

"Sitikufuna kukonzetsa. Tikufuna soketi," anatero a Dombek. "Ikapeta, ndilipira. Ikakana, mutsala nayo."

Dennis anakanda dazi lake, anayang'ana uku ndi uku, kenako anasuntha mapulinta awiri pa kauntala. Mayi Arlene analowetsa chingwe. Chinalowa ngati kwawo. Anaika pulogalamu. A Dombek anaima chiimire, akudikira kabokosi kaulemu kaja. Sikanabwere. Mayi Arlene analemba dzina, anadina, ndipo makina aja, amene anakhala chete sabata yathunthu, anatsokomola kamodzi n'kuyamba: tatatatata! Anthu anasiya mawailesi akanema n'kubwera kudzaonerera. Mayi wina anafunsa ngati amapetanso zipewa, ndipo mayi Arlene anamulembera nambala ya foni pa lisiti lakale. Ulusi wofiira unayenda pa nsalu yoyera mpaka dzina lonse linaoneka: Bernadette W.

A Dombek anaitembenuza laputopuyo, anaona kokalika pakona, anauza Dennis kuti achotsepo madola makumi awiri. Dennis anachotsa khumi. Anagwirana chanza, aliyense akuganiza kuti wapambana.

Kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu nyumba yonse inkanjenjemera ndi makina. Mayi Arlene ankapeta, a Dombek ankadula timaulusi totsalira ndi kalumo kakang'ono n'kusita, ntchito imene sanaipemphe koma sanaikane. Loweruka amayi makumi awiri ndi awiri anaima m'khitchini ya kutchalitchi, aliyense dzina lake pachifuwa, akukazinga mapirogi mu batala ndi anyezi, timitanda tija ta ufa tokhala ndi mbatata ndi tchizi m'kati, timene anthu amaimira pamzere mpaka kunja.

Lolemba lotsatira a Dombek anapitanso kusitolo ya ku Toledo, okha, atanyamula kontena ya pulasitiki yokutidwa ndi thaulo. Anapeza Yolanda atagwada, akumata mitengo pa shelefu yapansi.

"Yakananso?" anafunsa mayiyo asanaimirire.

"Ikugwira." Anatambasula manja. "Akazi anga akuti ndikupatseni. Ndi mapirogi. Mukatenthetse m'chiwaya, osati mu uvuni wamagetsi uja, amalimba."

"Satilola kulandira mphatso kwa makasitomala."

"Ndinadziwa kuti pali lamulo."

"Ikani kuseri kwa makatoni a inkiwo, msanga, abwana asanatulukire."

A Dombek anaika. Anaima pang'ono akuzunguza chipewa m'manja. Mawu amene anawakonza m'galimoto anali ena, koma amene anatuluka anali awa:

"Mayi Yolanda, nkhani yatha tsopano, palibe chimene ndingakuchiteni. Ndife a ntchito imodzi. Tandiuzani zoona. Pa zonsezi, inuyo munapezapo chiyani?"

Yolanda anagwira shelefu n'kudzikoka kuimirira. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mutu, bambo. Unandipweteka masiku awiri."

A Dombek anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa yankho loti akalilingalire bwino kunyumba. Anavala chipewa, anayenda masitepe atatu, n'kutembenuka.

"Kontenayo ndidzaitenga Lachinayi. Ndi ya akazi anga. Ndalemba dzina pansi pake, ndi pa chivundikiro pomwe."